Masiku Anayi M'nyumba ya Makedzana ku Meluluca

M'danga lathu la mwezi uno tikufuna tikusimbireni za ulendo umene tinayenda ndi banja lathu m'mwezi wa Ogasiti chaka chatha, pamene tinapatsidwa masabata awiri a tchuthi. Sitikusimba kuti tidzitame kuti tinaoloka malire, ayi. Tikusimba chifukwa kumene tinapitako tinakachita manyazi, ndipo manyaziwo anatiphunzitsa kanthu kamene tikukhulupirira kuti kangathandize ena mwa inu, makamaka ife amene tafika pa msinkhu woyamba kuuza ana athu kuti kale zinthu zinali bwino.

Mlamu wathu amene amagwira ntchito ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique, ndiye anatipezera malo. Anati m'nkhalango ya m'mbali mwa nyanja, kufupi ndi Meluluca, muli nyumba yobwereketsa kwa alendo, imene mwini wake anaimanga ndi kuikongoletsa mwadala kuti izioneka ngati nyumba ya zaka za m'ma 1960. Mchitidwe wotere si wachilendo m'maiko ena. Chiyambire pamene kampani ya Airbnb inakhazikitsidwa ku San Francisco mu 2008, anthu ambiri amabwereketsa nyumba zawo kwa apaulendo kudzera pa intaneti, ndipo ku Ulaya ndi ku America kuli nyumba za m'nkhalango zimene malonda ake ndi ukale womwewo: mipando, mbale, makatani ndi mawailesi a m'nthawi ya makolo. Munthu amalipira ndalama kuti agone masiku angapo m'zaka zimene zinapita kale. Ife titamva zimenezi mtima unadumpha, pakuti tinali titatopa ndi phokoso la m'tauni ndi kulira kwa foni usana ndi usiku.

Tinatulukira pa chipata cha Chiponde m'boma la Mangochi, tinadinditsa ziphaso zathu ku Mandimba, kenaka tinakwera mtunda mpaka ku Lichinga, mzinda wozizira wokhala ndi mitengo yambiri ya paini. M'mawa mwake tinatsetsereka ulendo wa makilomita oposa 100 kukafika ku Metangula, likulu la boma la Lago, kumene nyanja imaonekera pansi pa mapiri. Ife timati nyanja ya Malawi, iwo amati Lago Niassa, koma madzi ndi omwewo ndipo usipa ndi womwewo. Chinyanja cha kumeneko chimasiyana pang'ono ndi Chichewa chathu pa katchulidwe ndi mawu ena, komabe tinkamvana popanda womasulira. Kuchokera ku Metangula tinatsata msewu wafumbi wolowera kumwera, mapiri kumanzere, nyanja kumanja, tikudutsa minda ya chinangwa, mitengo ya mango, milambe, mizikiti ing'onoing'ono ndi matandala oyanikapo usipa, mpaka tinafika dzuwa litapendeka.

Zimene tinapeza m'nyumbamo

Nyumbayo inali patali pang'ono ndi mudzi, pakati pa mitengo ya mombo ndi misuku, khonde lake litayang'ana kunyanja. Denga linali la udzu wofolera bwino, mizati ya mitengo yosema ndi dzanja, pansi pozira. Titalowa, mayi a kunyumba anangogwira pakamwa. Pa tebulo panali nyali ya galasi ndi kakoloboyi pambali pake. Pakona panali makina osokera a Singer opalasa ndi phazi, pamwamba pake simbi ya makala yokhala ndi katambala pa chivundikiro. Pa shelefu panali wailesi yaikulu ya bokosi lathabwa, galamafoni yopukusa ndi dzanja pamodzi ndi mbale zake zakuda, makapu achitsulo oyera a milomo yobiriwira, ndi mtsuko wa madzi wovundikira ndi kambale. Malichero anakhomedwa pakhoma ngati zithunzi. Pakhonde anaimikapo mtondo ndi munsi wake, zonse zopakidwa vanishi wonyezimira. Pakhoma lalikulu panali mapu akale a chigawo cha Niassa, ndi chithunzi cha sitima ya pamadzi ya Chauncy Maples, imene amishoni a Anglican anaiyandamitsa panyanjayi mu 1901.

Tivomere poyera kuti usiku woyamba unali wokoma koposa. Tinayatsa nyali, fungo la palafini linadzaza m'nyumba, ndipo nthawi yomweyo tinabwerera m'maganizo kunyumba ya mayi athu ku Ntcheu, kumene tinkawerengera mayeso a Sitandade 8 pa kuwala kotereku, mphuno zikuda ndi mwaye. Mphepo ya mwera inkaomba m'mitengo, mafunde akumenya gombe, ndipo kutali pamadzi nyali za asodzi a usipa zinandandalika ngati mudzi woyandama. Ana athu awiri, mtsikana wa zaka 15 ndi mnyamata wa zaka 10, anaika mafoni pansi popanda wowauza, nayamba kufunsa dzina la chinthu chilichonse. Tinawaonetsa m'mene amathirira makala m'simbi, m'mene amadulira chingwe cha nyali kuti isafuke utsi, ndi chifukwa chake madzi a mumtsuko amazizira. Tinagona mitima ili mbee, tikunena kuti makolo athu ndiwo ankadziwa moyo.

Kupukwa kumeneku si kwa ife tokha. Mu 1688 mnyamata wina wophunzira za udokotala ku Basel, dzina lake Johannes Hofer, analemba za anthu amene ankadwala chifukwa cholakalaka kwawo ali kutali, ndipo ndiye anapanga mawu akuti nostalgia amene Azungu amagwiritsa ntchito mpaka lero. Iye ankaona ngati ndi nthenda ya m'thupi. Patapita zaka mawuwo anasintha tanthauzo, nayamba kunena za kulakalaka nthawi imene inapita. Wopukwa kwawo angathe kukwera basi nkukafika, koma wopukwa zaka zakale alibe basi yoti akwere. Pachifukwa ichi anthu amalonda anaganiza zomumangira nyumba yofanana ndi zakalezo, ndipo ife tinali m'gulu la ogula.

M'mawa mwake tinayamba kuona zimene mdima unatibisira. Kuseri kwa nyumba, pamalo poti mlendo sangaone msanga, panali magalasi a sola. M'kabati yooneka yachikale munali firiji. Kuseri kwa lichero lina kunali potchajira foni. Madzi osamba ankabwera ndi paipi kuchokera m'thanki, ndipo bedi lililonse linali ndi neti yatsopano yoteteza udzudzu. Sitikunena izi monyoza mwini nyumba, pakuti iye sanatinamize, ndipo zinthu zonsezi tinazigwiritsa ntchito mokondwa. Tikungonena kuti ukale umene tinagula unali wosankhidwa bwino. Anatipatsa nyali koma anachotsa mdima, anatipatsa mtsuko koma anachotsa ulendo wa kumadzi.

Mtondo wa pakhonde

Manyazi athu oyamba anabwera kudzera mwa mwana wathu wamkazi. Iye anatenga munsi uja nayamba kusinja mumtondo wopanda kanthu, nauza mlongo wake kuti amujambule. Mayi amene ankatiphikira, wa m'mudzi momwemo, anaima pakhomo la khitchini akuseka, ndipo anati, "Mwanangu, ngati mukufuna kusinja, tiyeni kwathu madzulo, makaka alipo dengu lathunthu." Tinaseka tonse, koma mayi a kunyumba anaumirira kuti mwanayo apitedi. Anapita, ndipo anabwerako m'manja muli matuza. Anatifotokozera kuti chinangwa amachisenda, nachiviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, nachiyanika padzuwa, kenaka nkuchisinja ndi kuchisefa kuti papezeke ufa wa kondowole. Anawonjeza, mawu atatsika, kuti mayi aja anadzuka tambala woyamba kusinja ufa wa banja lawo asanabwere kudzatiphikira ife, ndipo kuti mtondo wa kwawo unalibe vanishi.

Pamenepo tinazindikira kuti chinthu chimodzi chomwecho chinali chokongoletsa pakhonde lathu, koma pa mtunda woyenda mphindi khumi chinali ntchito ya tsiku ndi tsiku yopweteka msana. Ife tinalipira ndalama kuti tigone pansi pa denga la udzu, pamene anansi athu ankasunga ndalama ya usipa kuti tsiku lina adzagule malata. Ife tinkasirira nyali ya palafini, pamene asodzi ambiri a panyanjapo anasiya kale nyali zopopa nayamba kugwiritsa ntchito mababu oyendera mabatire ndi sola, chifukwa palafini ankawadyera phindu. Zimene ife tinkathamangira, iwo ankayesetsa kuzisiya m'mbuyo.

Mapu a pakhoma

Manyazi achiwiri anali athu enieni. Mlonda wa pamalopo anali bambo wachikulire wa zaka pafupifupi 70, Msilamu monga anthu ambiri a ku Meluluca, waulemu ndi wosalankhulalankhula. Usiku wachiwiri tinawaitana kuti timwe nawo tiyi pakhonde, ndipo pofuna kuyambitsa nkhani tinawalowetsa m'nyumba kuwaonetsa mapu aja. Tinati, "Bambo, inu ndinu odala, munaona dziko lisanaonongeke. Nthawi ya mapu awa moyo unali wabata." Iwo anayang'ana mapuwo nthawi yaitali, kenaka analoza ndi chala pamene pali Lichinga, pomwe panalembedwa Vila Cabral, nalozanso pamene pali Metangula, pomwe panalembedwa Augusto Cardoso. Anati, "Abusa, mapu awa ndi a eni ake a nthawi imeneyo. Mayina athu mulibemo. Chaka chimene inu mukuti chinali chabata, ine ndinagona m'bwato pansi pa ukonde, mayi anga atanditseka pakamwa kuti ndisalire."

Tinakhala chete, iwo nayamba kusimba, ndipo zimene anasimba zikugwirizana ndi mbiri yodziwika ya dera limeneli. Nkhondo yomenyera ufulu wa Mozambique inayamba pa 25 Seputembala 1964, ndipo gombe la Cobue ndi Metangula linali limodzi mwa malo oyamba kumene mfuti zinalira. Apwitikizi anali ndi asilikali a pamadzi ndi maboti ankhondo ku Metangula. Anthu a m'midzi anapanikizika pakati pa mbali ziwiri. Ena anasonkhanitsidwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, ena anathawira m'mapiri, ndipo ambiri anaoloka kupita ku Likoma, ku Malawi ndi ku Tanzania. Bambowa anathawa ali mwana mu 1965, nabwerera dziko litalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Asanakhazikike bwino, nkhondo ya pachiweniweni inafika ku Niassa m'zaka za m'ma 1980, ndipo anathawanso, tsopano ali ndi mkazi ndi khanda kumsana. Anabwerera pambuyo pa pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, napeza mudzi uli thengo. Anati, "Nyumba ndamanga katatu pamalo amodzi. Nyali ngati iyi tinali nayo, koma sitinkaiyatsa, chifukwa kuwala kunkaitana imfa."

Anatikumbutsanso kuti ngakhale tikanabwerera m'mbuyo kupitirira pamenepo, bata lomwe tinkalifunalo sitikanalipeza. M'zaka za m'ma 1800 zombo za matanga zinkaolotsa akapolo kuchokera ku Nkhotakota, kwa Jumbe, kudzawatsitsa pa gombe lino la kum'mawa, kuti ayende wapansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone atafika pa gombe lomweli mu Ogasiti 1866 anafuna kuoloka pa chombo cha amalondawo koma sizinatheke, ndipo anachita kuzungulira kumwera kwa nyanja. Ngakhale chithunzi chokongola cha sitima chija chili ndi chisoni kuseri kwake, pakuti Bishopu Chauncy Maples, mwini dzinalo, anamira m'nyanja yomweyi mu 1895, ndipo Charles Janson, amene anafika kuno pamodzi ndi William Percival Johnson mu 1882, anamwalira chaka chomwecho atangofika pa gombeli. Pakhoma pamakhomedwa zokoma zokha. Zowawa zimatsala m'mitima ya anthu achikulire, ndipo sizituluka pokhapokha wina atakhala pansi ndi kumvetsera.

Chimene chinatichititsa manyazi kwambiri n'chakuti ife sitinali alendo pa nkhani imeneyi. Tinakulira ku Ntcheu pamene anthu othawa nkhondo ankakhamukira m'dziko lathu kuyambira mu 1986, mpaka chiwerengero chawo chinafika pafupifupi 1 miliyoni. Ena tinakhala nawo pa benchi imodzi kusukulu, tinadya nawo chimanga chokazinga, tinasewera nawo mpira wachikulunga. Zonsezi zinali m'zaka zomwe zija za koloboyi ndi wailesi ya mabatire. Koma fungo la palafini linatikumbutsa mayi athu ndi mayeso, osatikumbutsa anzathuwo. Mtima wa munthu umapeta zakale ngati lichero, nusunga zimene ukufuna.

Usiku wachitatu

Usiku wachitatu, cha m'ma 1 koloko, tinamva kugogoda. "Odi, abusa! Pepani kukudzutsani." Anali mlonda uja, ndipo pambuyo pake panaima mwamuna wa mayi otiphikira aja, akupuma mwawefuwefu. Mwana wawo wa zaka zitatu anali atatentha thupi kuyambira masana, ndipo tsopano anali atayamba kukomoka. Panalibe galimoto ina pafupi koma yathu. Sitinayatse nyali ya galasi usiku umenewo. Tinayatsa tochi ya pafoni, tinathamangira kumudzi, tinanyamula mwanayo ndi makolo ake, nkuyamba ulendo wa ku Metangula pa msewu wafumbi uja, mayi a kunyumba atakhala kumbuyo akupukuta mwanayo ndi nsalu yonyowa. Kuchipatala anamutenga kadontho ka magazi pachala, ndipo pasanathe theka la ola anatsimikiza kuti ndi malungo. Anamubaya jakisoni, namugoneka. Pamene tinkachoka ku Meluluca tsiku lachisanu, uthenga unabwera pafoni kuti mwanayo wayamba kudya phala.

Pobwerera m'bandakucha tinali awiri ndi mlonda uja m'galimoto, ndipo iwo anati, "Abusa, m'nthawi ya mapu aja mwana ameneyu tikanamuika m'manda mawa." Sanalankhule monyoza, anangonena zoona. Foni ya m'manja, kachipangizo koyezera magazi ndi mankhwala a masiku ano ochokera ku artemisinin, amene wasayansi wa ku China, Tu Youyou, analandira nawo mphotho ya Nobel mu 2015, zonsezi kunalibe m'zaka zimene nyumba ija inkatsanzira. Makolo athu anati walira mvula walira matope. Amene akulira zaka za m'ma 1960 alirenso manda ang'onoang'ono amene ankachuluka kuseri kwa mudzi uliwonse.

Mlaliki 7:10 amatichenjeza kuti si nzeru kumafunsa chifukwa chake masiku akale anaposa a lero. Komanso pa Levitiko 23 Aisraeli analamulidwa kukhala m'misasa masiku 7 chaka ndi chaka, kuti mibadwo yawo idziwe m'mene makolo awo anakhalira potuluka m'dziko la ukapolo. Misasa imeneyo inali yokumbutsa kumene anachokera, ndipo masikuwo akatha aliyense ankabwerera m'nyumba yake ali woyamika. Nyumba ya makedzana ingathe kugwira ntchito yomweyo ngati wogonamo alola kukumbutsidwa zonse.

Kwa amene mudzapite kumalo otere

Tsono sitikuti musapite. Kupuma n'kofunika, ndipo ambiri a ife timagwira ntchito zaka ndi zaka osapatula ngakhale sabata imodzi yokhala ndi banja. Malo otere amapatsanso ntchito anthu a m'midzi: alonda, ophika, ofolera udzu, osema mitengo ndi asodzi ogulitsa ndiwo. Kumpoto kwa Metangula, kufupi ndi Cobue, malo ogona alendo a Nkwichi anadziwika chifukwa chomanga ndi miyala, mitengo ndi udzu wa komweko ndiponso kulemba ntchito anthu a m'midzi yozungulira. Mu 2011 boma la Mozambique linalengeza kuti mbali yake ya nyanjayi ndi malo otetezedwa, chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba imene sipezeka kwina kulikonse padziko lapansi. Dera limeneli n'loyenera kuliona. Koma pali zinthu zimene tikanakonda wina akanatiuza tisananyamuke.

Choyamba, anthu okhala pafupi ndi nyumba yotere si mbali ya zokongoletsa zake. Mayi amene akusinja, msodzi amene akusoka ukonde, mwana amene akusamba pagombe, onsewa ali pakhomo pawo, ndipo ife ndife odutsa. Musajambule munthu musanapemphe. Perekani moni woyenera, kaonekereni kwa amfumu ngati mukhala masiku angapo, valani molemekeza eni dera, makamaka kumene anthu ake ndi Asilamu, ndipo musaike phokoso la nyimbo pa nthawi ya mapemphero awo. Pogula chambo kapena kampango musanenerere mtengo mpaka msodzi atsale wopanda kanthu, pamene mwalipira ndalama zambiri pa bedi la usiku umodzi osadandaula. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Chachiwiri, samalani nkhalango imene yakusungani. M'miyezi ya Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala udzu umakhala wouma, mphepo ili yamphamvu, ndipo khala limodzi lotayidwa mosasamala lingathe kutentha phiri lonse pamodzi ndi udzu wofolera umene anthu akuudikira. Moto wocheza usiku ndi wokoma, koma nkhuni iliyonse imene mlendo awotcha pongofuna kusangalala ndi nkhuni imene mayi wina adzaifuna patali mawa. Nyali ya palafini pansi pa denga la udzu isasiyidwe ndi ana okha. Zinyalala za pulasitiki mubwerere nazo, pakuti kumeneko kulibe galimoto yodzatola, ndipo zikatsala zimathera m'nyanja. Gonani m'neti usiku uliwonse, ndipo musananyamuke funsani kumene kuli chipatala chapafupi.

Chachitatu, chimene ife tikuchiona chachikulu, funsani anthu achikulire, ndipo mufunse osayamba mwawauza yankho monga tinachitira ife. Zipangizo zakale sizilankhula. Wailesi ya pa shelefu ija sikanatiuza kuti anthu ankaimvera mobisa, mawu atatsitsidwa, pofuna kudziwa kumene nkhondo yafika. Anatiuza ndi munthu wamoyo, ndipo anthu otere akutha chaka ndi chaka. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma amagonera mwa munthu amene anawamva.

Kwa amene simudzapita

Tikudziwa kuti ambiri mwa owerenga tsamba lino sangakwanitse ulendo wotere, ndipo nafenso sitikanakwanitsa pakanapanda mlamu wathu. Musadandaule. Ambiri a ife nyumba ya makedzana tili nayo kale, ndipo siifuna intaneti kapena chiphaso. Ili kumudzi, kumene kuli mayi kapena agogo amene timangowatumizira ndalama pafoni osapita kukawaona. Kumeneko mtondo ulibe vanishi, mafuwa ndi akuda, nkhokwe ili pabwalo, ndipo mwini wake wa zonsezi akali moyo. N'chinthu chomvetsa chisoni kuti munthu alipire ndalama kukagona m'nyumba yotsanzira ya mayi ake, pamene mayi akewo akugona okha m'nyumba yeniyeniyo, denga likudontha. Tikulemba izi tikudziloza tokha chala, pakuti pamene tinkapita ku Meluluca tinali titatha zaka ziwiri osagona kwathu ku Ntcheu.

Pa Khirisimasi tinapita. Tinatenga malata ochepa okonzera mbali imene inkadontha, ndi nyali ya sola kuti mayi asamavutikenso ndi utsi. Mwana wathu wamkazi anatenga kope ndi cholembera, nakhala pamphasa ndi agogo ake madzulo atatu otsatizana. Anawafunsa za anthu othawa nkhondo amene anamanga misasa kumunsi kwa munda wathu, za njala ya 2002, za ana awiri amene agogowo anaika m'manda ife tisanabadwe, amene ngakhale ife sitinkadziwa mayina awo. Anawafunsanso za zokoma: magule a pa mwezi, maukwati, ndi tsiku limene wailesi yoyamba inafika m'mudzimo anthu nasonkhana kudzaona kumene munthu wolankhulayo wabisala. Pomaliza mwanayo anafunsa kuti, "Agogo, kale ndi lero, chabwino n'chiti?" Iwo anaseka nati, "Kale tinali ndi mphamvu, lero tili ndi chigayo. Lemba zonse ziwiri."

Kope limenelo lili m'nyumba mwathu, ndipo masamba ake akali ambiri osalembedwa. Tikupempha banja lililonse la mumpingo mwathu limene likali ndi munthu wachikulire kuti tchuthi chikubwerachi ligule kope lotere, litenge ana, lipite kumudzi. Mukafika kumeneko khalani pansi, funsani mofatsa, ndipo lembani zokoma ndi zowawa zomwe.